Sala akayamba kukutuma kunyumba kwawo: zoti uchite iwe mtsikana, ndi zoti tichite ife akuluakulu

Ndaphunzitsa ku CDSS zaka zambiri ndithu koma nkhani imene imandisowetsabe tulo ndi ya mtsikana wina wa fomu 2 yemwe anabwera kwa ine nthawi ya buleki, ndili ndekha mu staff room ndikuchonga makope. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka analowa nkugwada pafupi ndi tebulo, m'manja akungopotokola kapepala ka switi osandiyang'ana kumaso. Anangoti "madamu, sala a masamu akumandituma kukasiya makope kunyumba kwawo madzulo, ine sindikufuna." Basi, sanaonjezere china, koma ine ndinamva zonse.

Ndinachita zomwe ambirife timachita. Ndinapita kwa ahedi nkuwauza pakamwa, iwo anati tiziona, anamuitana bamboyo awiriwiri mu ofesi, teremu yotsatira tinangomva kuti wapatsidwa posting wapita sukulu ina. Panalibe pepala ngakhale limodzi lomwe linalembedwa. Mtsikanayo anzake anayamba kumutcha mkazi wa sala, fomu 3 sanabwerenso. Ndipo kumene bamboyo anapitako kunalinso atsikana, ine ndinkadziwa zimenezo.

Nde chomwe ndinaphunzira nchakuti nkhanza zotere zimafera pakamwa. Wochitayo amadalira kuti mtsikana achita manyazi, akapanda kuchita manyazi akuluakulu akambirana mwakachetechete, ndipo pofika mawa palibe angaonetse umboni. Zonse ndikulemba apazi zikuzungulira pamenepo: lembani, musayende nokha, ndipo musalole kuti nkhani ithere m'chipinda chotseka.

Tiyambe tachitchula chinthucho dzina lake

Atsikana ambiri amaganiza kuti pokhapokha wina akugwiririre ndiye kuti wakulakwira. Ayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti khalidwe lililonse lokhudza zogonana lomwe munthu sakulifuna, kaya ndi mawu, kaya zizindikiro, kaya kugwira thupi, lomwe aliyense woganiza bwino angadziwe kuti winayo zimunyazitsa kapena kumuopseza, ndi mlandu. Chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende. Nde mphunzitsi amene amayamikira mabere a mwana m'kalasi anzake nkumaseka, lekichala amene amatumiza meseji 11 koloko usiku kufunsa wavala chani, mnyamata wa fomu 4 amene amamenya atsikana matako pamzere wa nsima, wakabaza amene amati ndikunyamula ulele bola undiganizire, onsewa ali mkati mwa lamulo limeneli.

Kugwiragwira thupi la mkazi mosayenera mu Penal Code kumafika zaka 14. Kugona ndi mwana, chilango chachikulu ndi moyo wonse kundende, ndipo mwana kuno kwathu ndi aliyense wosakwana zaka 18, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti zikhale choncho, Penal Code nayo inatsatira mu 2023. Tsono zoti "anavomera yekha" kapena "wakula kale uyu taonani thupi" kukhoti sizigwira ntchito. Ine ndamvapo ndi makutu anga aphunzitsi aamuna akuseka mu staff room kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ana a eni si msipu abale, makolo anatipatsa kuti tiwaphunzitse.

Iwe mtsikana, zikangoyamba

Siziyamba ndi zazikulu. Zimayamba ndi kukukondera, kukupatsa malikisi omwe ukudziwa wekha kuti sunakhoze, kukugulira kamba, kukufunsa nambala ya foni, kukuuza kuti ubwere part time wekha, kukutuma kukatunga madzi kapena kukakolopa kunyumba kwawo pamene akazi awo achoka. Ukamva mumtima kuti apa sizili bwino khulupirira mtima wakowo, usadikire kuti utsimikize.

Peza kope laling'ono, kapena masamba akumapeto a kope lomwe sala amenewo sachonga. Chilichonse chikachitika lemba tsiku lomwelo: deti, nthawi, malo, mawu enieni omwe ananena, amene analipo pafupi. Usakongoletse, usaonjezere. "Lachiwiri pa 12, titaweruka, kuseri kwa labu, anandigwira dzanja nkunena kuti ndikapanda kubwera kwawo sindikhoza masamu. Mnzanga wa pa desiki anali pa mtengo wa mango akundidikira." Chimenechi chikuoneka chaching'ono koma tsiku lomwe udzakhale pamaso pa ahedi kapena apolisi mutu udzazungulira, madeti adzasokonekera, ndipo iye adzagwira pomwepo kuti mwaona akunama. Kopelo ndi lomwe lidzakukumbutse.

Ngati ndi za pafoni usadilite kanthu ngakhale zikukunyansa. Jambula sikirinishoti, ndipo ionetse nambala yake osati dzina lomwe unasevera lokha, poti dzina aliyense atha kulemba. Ukajambula tumiza kwa munthu wina womukhulupirira kapena ku imelo yako, chifukwa foni imabedwa, imalandidwa ndi a matron, ndiponso pa WhatsApp munthu amatha kufufuta zomwe watumiza mbali zonse. Zithunzi zongooneka kamodzi zija zijambule ndi foni ya mnzako. Akakutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba usafufute meseji yake, imaonetsa amene watumiza ndi nthawi. Ndikudziwa ena mumaopa kuti poti ndinadya ndalamayo ndiye kuti nanenso ndalakwa. Ayi mwana wanga, wamkulu ndi iyeyo, amene amadziwa chomwe amagula ndi iyeyo.

Ngati ungathe ndipo pali anthu pafupi, kana momveka kamodzi: "sala, zimenezi sindikufuna, musiye." Pa meseji nkwabwino kwambiri poti zimatsala. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo atsikana ambiri amangoseka mwamanyazi nkuyang'ana pansi, kenako wina nkudzati amasekerera. Koma ukalephera kukana chifukwa cha mantha usadzide, mantha amaumitsa pakamwa ngakhale akuluakulu. A Ujamaa Pamodzi akhala akuphunzitsa atsikana m'masukulu ena kukuwa, kukana mokweza ndi kudzipulumutsa wina akakugwira, ngati pasukulu panu anafikapo lowa nawo, ngati sanafike yeserera ndi anzako kunena "ayi" mokweza mpaka pakamwa pazolowere.

Usapitenso wekha kulikonse komwe wakuitana. Akakutuma makope tenga anzako awiri. Akati mnzakoyo abwerere, nawenso bwerera.

Kenaka uza munthu wamkulu. Apa ndikuuze zoona, woyamba kumuuza mwina sakuthandiza, mwina akukalipira kumene. Usalekere pomwepo. Khala ndi anthu atatu m'mutu: mwina amayi kapena azakhali, mwina madamu ena kapena a matron, mwina mayi wa mu mother group. Woyamba akazengereza pita kwa wachiwiri. Ngati onse akukuvuta imba 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana, kapena 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, amayendetsa ndi a YONECO, sufunika mayunitsi ndipo utha kuimba ndi kafoni kamabatani ka agogo.

Ngati wagwiriridwa kale

Apa nthawi ndiyo yofunika kuposa china chilichonse, zina zonse zidikire. Mankhwala oteteza ku HIV aja timati PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo kuyamba tsiku lomwelo nkwabwino koposa. Amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba yangozi nawo ndi a masiku oyambirira omwewa, akapitirira masiku 5 basi. Nde musakhale pansi kudikira amalume abwere kuchokera ku tauni kuti banja likambirane, pitani kuchipatala kaye.

Ngati nkotheka asasambe, ndikudziwa nzovuta poti chinthu choyamba chomwe munthu amafuna ndi kusamba. Zovala zomwe anavala musachape, zikulungeni mu pepala kapena nyuzipepala osati mu jumbo chifukwa pulasitiki imachititsa chinyezi umboni nkuonongeka. Ngati wasamba kale pitanibe, chithandizo chilipobe. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kuli ma One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, komwe adokotala, apolisi ndi a social welfare amapezeka malo amodzi kuti mwana asamangofotokoza nkhani yomweyo maofesi asanu. Kumene kulibe, pitani chipatala chapafupi kenaka ku polisi mukafunse Victim Support Unit, ndipo lipoti la kuchipatala mulisunge bwino, mulijambulenso pafoni.

Ngakhale patapita mwezi kapena chaka, mlandu utha kukanenedwabe.

Inu makolo, azakhali, aphunzitsi anzanga

Mphindi zisanu zoyamba mwana akakuuzani ndi zomwe zimagamula ngati adzayankhulenso kapena ayi. Musafunse kuti unkakatani kumeneko, unavala chani, bwanji sunanene kale. Mafunso amenewa ngakhale muwafunse mwachikondi mwana amamva kuti wolakwa ndi iye. Khalani naye pansi, muuzeni kuti wachita bwino kunena, musiyeni afotokoze m'mawu ake osamuikira mawu mkamwa, inu mukatero mulembe zomwe wanena ndi deti. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense poti mukhala mukunama, muuzeni kuti muuza okhawo omwe angathandize ndipo mumuuza musanatero.

Ndipo chonde musamuitane mwana ndi mphunzitsiyo chipinda chimodzi kuti "tamve mbali zonse." Ndinazionapo, mwana wa zaka 15 ataimikidwa kutsogolo kwa aphunzitsi asanu ndi mmodzi, bamboyo atakhala pampando miyendo atapingasa akumufunsa kuti tanena ndinakugwira pati. Mwanayo anangoti ndimanama, nkutuluka akulira. Aliyense amvedwe payekha, mwana akhale ndi munthu wamkazi amene wasankha yekha.

Tsono nkhani ya chindapusa. Apa ndipomwe nkhani zambiri zimafera ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, pakhomo palibe chakudya, mphunzitsi wabwera usiku ndi ankhoswe ake, wagwada, wanyamula ndalama ndi thumba la feteleza, akuti ndili ndi ana musandichotsetse ntchito, ndimulipirira fizi mpaka fomu 4. Amfumu nawo akuti tisaonongerane tsogolo ndife amodzi. Makolo anzanga, ndalama imeneyo imatha mwezi umodzi, fizi amalipira teremu imodzi kenaka foni sayankha, ndipo mwana wanu waphunzira kuti thupi lake lili ndi mtengo womwe akuluakulu anagwirizana. Mlandu wogona mwana si wa pabwalo la amfumu, si wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa polisi ndi khoti. Zomukwatitsa kwa bamboyo kuti manyazi achoke ndiye kuonjezera mlandu wina, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa.

Kalata

Ichi ndi chomwe ine sindinachite tsiku lija. Dandaulo lipite polemba. Siyofunika Chingerezi chapamwamba, Chichewa chomwechi chikwanira, tsamba limodzi: ndine wakuti, kholo la mwana wa fomu yakuti, pa masiku akutiakuti mphunzitsi wakuti anachita zakutizakuti, umboni ndi uwu, ndikupempha kuti mufufuze, kuti mwana asamaphunzitsidwe ndi iyeyu pamene mukufufuza, ndipo mundiyankhe polemba pasanathe masabata awiri. Lembani makope awiri. Limodzi musiye, linalo ahedi asayinire nkudinda chidindo cha sukulu ndi deti, mubwerere nalo kunyumba. Akakana kusayina lembani pomwepo kuti akana, nthawi yakuti, pamaso pa wakuti. Musapite nokha, tengani wa mu mother group kapena wa komiti ya makolo, ofesi imayankhula mosiyana pakakhala mboni.

Umboni weniweni musasiye kusukulu, siyani mafotokope. Mafayilo amasowa.

Ahedi akazengereza, kapena ngati vuto ndi ahedi eniakewo, kwerani. Ku pulayimale kuli a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a m'zoni yanu, omwe ofesi yawo ili ku TDC, pamwamba pawo ofesi ya maphunziro ya pa boma. Ku sekondale pitani ku division kwa a EDM, mkulu wa maphunziro wa chigawo chanu. Aphunzitsi a boma amalangidwa kudzera ku Teaching Service Commission, komanso kuli Teachers Council of Malawi yomwe imalembetsa aphunzitsi, apa nkofunika kwambiri kwa a sukulu za pulayiveti poti kumeneko munthu amangochotsedwa Lachisanu, Lolemba wayamba pa sukulu ina tsidya la msewu. Ku ofesi ya social welfare ya pa boma kuli anthu oteteza ana omwe ntchito yawo ndi yomweyi. Kalata iliyonse mukapita nayo pamwamba muphatikize fotokope ya yoyamba ija yodindidwa, aone kuti munayamba kale.

Chinthu chimodzi chomwe ambiri sadziwa: lamulo la 2013 lija limanena kuti simukuyenera kudikira kuti za mkati mwa sukulu kapena pantchito zithe kaye musanapite ku polisi kapena kukhoti. Nde wina akakuuzani kuti dikirani komiti ikumane, inu pitani ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, ziwirizi ziziyendera limodzi. Ku polisi funsani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu ndi nambala ya fayilo, mulembe. Ndipo posting si chilango. Akakuuzani kuti tamusamutsa, funsani polemba kuti kafukufuku anapeza chani ndipo chilango ndi chiti.

Zikakanika konseku kuli Malawi Human Rights Commission, ndi yomwe inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti Gender Equality Act ikutsatidwa, ndipo mu 2021 inafufuza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC nkutulutsa lipoti poyera, kuonetsa kuti ngakhale bwana wamkulu atha kufunsidwa. Kuli Legal Aid Bureau kwa amene sangakwanitse loya. Kuli Women Lawyers Association, omwe anaimira amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu pa zomwe apolisi anawachita mu 2019 mpaka khoti linalamula kuti apepesedwe. Ofesi ya boma ikangokhalira fayilo yanu, a Ombudsman amalandira madandaulo otero.

Ku yunivesite ndi ku koleji

Achemwali a ku koleji, kwanuko nkhani imavuta mwanjira ina, poti ndinu akuluakulu pamalamulo nde anthu amathamangira kunena kuti munagwirizana. Koma pali kugwirizana kwanji pamene wina wagwira giledi yako m'manja, ukudziwa kuti ukalephera kosi yake ndi supp, mayeso obwereza aja, ukalepheranso ubwereza chaka kapena uchotsedwa sukulu, loni ya ku Loans Board ili pakhosi, kumudzi anagulitsa mbuzi kuti ufike pamenepo. Mng'ono wanga wina anandifotokozera mmene zinkachitikira pa nthawi ya research yake: supavaiza ankamupatsa nthawi yokumana 5 koloko madzulo ma ofesi ena atatseka, akalowa amati tseka chitseko pali phokoso, chaputala chake osachitsegula nkomwe, nkhani zake za kuti uli ndi chibwenzi, bwanji tikakambirane ku lodge kuli phee. Atakana, chaputala 2 chinabwezedwa kanayi popanda ndemanga yomveka.

Chomwe chinamupulumutsa ndi imelo. Anayamba kutumiza ntchito yonse pa imelo, ndipo akatuluka mu ofesimo amalemba kuti zikomo pokumana nane lero nthawi yakuti, mwanena kuti ndikonze zakuti, ndatsala ndi funso lakuti. Patapita miyezi iwiri panali mzere wa madeti woonetsa kuti iye ntchito amagwira, winayo ndiye amakhalira. Nde chitani chimodzimodzi. Pemphani kukumana masana, chitseko chili chotsegula, kapena mubwere ndi mnzanu wa kalasi akhale pakhonde pooneka. Sungani ma assignment onse ochongedwa, ma test, malikisi a continuous assessment muwajambule akangotuluka, chifukwa tsiku lomwe mudzadandaule kuti anakulepheretsani dala adzafunsa kuti kale mumakhoza bwanji. Dziwani ndondomeko yopempha kuti pepala lanu lichongedwenso ndi munthu wina komanso masiku ake, poti nthawi yake imakhala yochepa ndipo ikadutsa yadutsa.

Kaya muli ku Chanco, MUBAS, KUHeS, Bunda, Mzuni, MUST kapena koleji ya pulayiveti, pitani kwa Dean of Students kapena kwa Registrar mukapemphe ndondomeko ya sukuluyo ya nkhanza zogonana, muiwerenge musanavutike, mudziwe kuti dandaulo limapita kwa ndani ndipo amayenera kuyankha masiku angati. Podandaula pemphani zinthu zitatu polemba: akusinthireni supavaiza kapena wochonga, munthuyo aletsedwe kulankhula nanu, ndipo dzina lanu lisamveke mu dipatimenti monse. Ngati mkulu wa dipatimenti ndi mnzake wapamowa wa munthuyo, mudumpheni, palibe lamulo loti muyambire pomwepo.

Ndipo funsani mwakachetechete kwa omwe anadutsa kosi imeneyo zaka zam'mbuyo. Anthu otere sayambira pa inu. Atsikana anayi a zaka zosiyana akalemba aliyense kalata yake, zoti "akundida chifukwa analephera" zimagwa zokha. Kungoti aliyense alembe zomwe zinamuchitikira iyeyo, musakopelane mawu. Zolemba dzina la munthu pa Facebook musanakadandaule ndikuti dikirani kaye, mkwiyo wake ndikuumvetsa koma atha kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri nkhani nkutembenukira kwa inu, yambani ndi kalata ndi polisi.

Si alekichala okha. Ma yearo, a chaka choyamba aja, akangofika ma conti ena, omwe anayamba kale, amakhala akuwadikira ngati akuthandiza kupeza malo ogona kapena manotsi. Ku hositelo, ku ma pate, mnyamata amene munali naye pachibwenzi nkumaopseza kuti amwaza zithunzi zanu m'magulupu a WhatsApp. Chimenecho ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, sungani meseji yoopsezayo, musamupatse ndalama poti sadzasiya, pitani nayo ku polisi. Mukaona chithunzi cha mnzanu chafika mu gulupu musatumize kwina, muuzeni mwiniwake, ndipo admin achotse amene watumizayo. Ku attachment ndi ku teaching practice nakonso, bwana amene akusayinira fomu yanu ali ndi mphamvu yonga ya lekichala, mukaona zachilendo uzani wokuyang'anirani wa ku koleji polemba msanga akusinthireni malo.

Zoti sukulu ikonze zisanachitike

Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani iyi tikasiyira mwana yekha kuti atsekule, ambiri satsekula. Komiti ya makolo ndi mother group mutha kukhala pansi ndi ahedi teremu ino nkugwirizana malamulo ochepa omveka, olembedwa, omatidwa pakhoma pomwe ana awerenge: mwana satumidwa kunyumba kwa mphunzitsi, kaya madzi kaya nkhuni kaya makope. Part time ya mwana mmodzi kulibe. Mphunzitsi salemberana ndi mwana pafoni usiku, za sukulu zidutse kwa kholo kapena pagulupu. Pakhale aphunzitsi awiri odziwika olandira madandaulo, mmodzi wamkazi, ana awasankhe okha poti amadziwa amene amasunga chinsinsi. Bokosi la madandaulo likhale malo obisika osati pakhomo la ofesi ya ahedi pomwe aliyense aona amene waponya, makiyi akhale awiri, imodzi kwa mayi wa mother group, ndipo litsegulidwe sabata iliyonse pamaso pa anthu awiri.

Atsikana a self-boarding ndi omwe amandidetsa nkhawa kwambiri. Mwana wa zaka 14 akuchita lendi kachipinda kuseri kwa golosale pa trading centre, chitseko chotsekera ndi msomali wopinda, ufa watha pa 15, kwawo ndi makilomita ambiri. Aliyense pamalopo akudziwa kuti ali yekha ndipo ali ndi njala. Ngati mwana wanu ali choncho pitani mukaone chipindacho ndi maso anu, gulani loko ndi chitsulo chotsekera mkati, adziwane ndi mayi wina wapafupi amene aziwayendera, agone awiri kapena atatu. Amayi a mother group muziyenda m'zipinda zimenezi ngakhale kamodzi pa sabata, eni nyumba ndi anyamata a pamsika akadziwa kuti ana aja ali ndi owayang'anira amachepetsa.

Anyamata tisawasiye. Ambiri sagwira munthu koma amaseka wina akagwira, ndipo kusekako ndi komwe kumamupatsa mphamvu. Aphunzitsi aamuna abwino alipo ambiri, ndagwira nawo ntchito, inuyo ndi amene mungayankhule ndi anyamata pa asembule komanso kumudzudzula mnzanu mu staff room nthabwala ija ikangoyamba. Ife akazi tikanena amati nsanje.

Mwana akatenga mimba sukulu sinathe. Ndondomeko yoti abwerere akachira ilipo kuyambira 1993 ndipo inakonzedwanso mu 2018. Kholo lipite kwa ahedi kukalembetsa kuti malo ake asungidwe, ndipo ngati akuopa kusekedwa pemphani transfer apite sukulu ina. Ngati mimbayo ndi ya mphunzitsi kapena wamkulu aliyense, kubwerera kusukulu kwa mwana ndi mlandu wa bamboyo ndi nkhani ziwiri zosiyana, zonse ziyende.

Mukapereka dandaulo konzekerani kuti masabata otsatira akhala owawa. Aphunzitsi ena amuzizira mwanayo, anzake amunena, akazi a bamboyo mwina abwera kudzatukwana pakhomo, wina abwera mwaulemu kudzapempha kuti mukatseke mlandu. Chilichonse chotere chilembeni mu kope lomwe lija ndi deti yake, mukauze wapolisi amene ali ndi fayilo. Mwanayo muzimufunsa za tulo ndi chakudya osati za mlandu zokha, ndipo ngati wasiya kudya kapena akunena zofuna kudzipha musazitenge mwachibwana, mubwerere naye ku One Stop Centre kapena muimbe 116 alankhule ndi aphungu.

Patapita zaka zingapo mtsikana wina anabweranso kwa ine, wa fomu 3, nkhani yofanana ndi yoyamba ija. Ulendo uno ndinatseka makope, ndinamupatsa pepala alembe yekha, ndinaitana amayi ake ndi mayi mmodzi wa mother group, m'mawa mwake tinalowa atatu mu ofesi ndi makalata awiri. Ahedi anayang'ana kalatayo nthawi yaitali nkunena kuti madamu zimenezi sitikanangokambirana. Ndinati tikambirana, koma yambani mwadinda apa. Anadinda. Pa tsiku la 14 tinabwereranso kukafunsa yankho, ndipo fotokope ina inali kale m'chikwama mwanga, ya ku division.